Maere a pa kompyuta: kodi n'zenizeni kapena zangochitika?

Mutu umene ndasankha ukumveka ngati wa anthu a magalasi okhaokha: momwe kompyuta imapangira manambala a mwangozi, ndi chifukwa chake anthu ofufuza za DNA sangagwire ntchito popanda manambalawo. Musayambe kuyang'ana pakhomo. Masamu ake ambiri ndi a probability aja tinkachita ku sekondale, a dayisi ndi ndalama yachitsulo. Kungoti kuno dayisiyo timaiponya ka miliyoni, ndipo mayankho ake amafika mpaka pa mankhwala amene timamwa tikadwala malungo.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Munthu amene sadziwa momwe zinthu zongochitika mwangozi zimaonekera amanamizika msanga. Amaona chinthu chachilendo n'kuyamba kukuwa kuti watulukira zinazake, pamene ndi maere chabe amene agwa choncho. Mankhwala a vutoli ndi kupanga dala zinthu za mwangozi pa kompyuta, kuziyang'ana bwinobwino, kenako n'kuziyerekeza ndi zimene wapeza mu labotale.

Tiyambe ndi DNA. M'maselo a chamoyo chilichonse muli malangizo olembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Zigawo za malangizowa ndi zimene amati majini. Eya, majini, koma osati aja timawaopa usiku ayi. DNA ya munthu ili ndi zilembo zoposa 3 biliyoni. Ya kachilombo koyambitsa malungo oopsa kwambiri kuno kwathu, kotchedwa Plasmodium falciparum, ili ndi zilembo pafupifupi 23 miliyoni, ndipo asayansi anaifalitsa mu 2002. Palibe munthu angawerenge zimenezi ndi maso. Ndiye pamafunika mapulogalamu a pa kompyuta, ndipo ntchito yolemba ndi kugwiritsa ntchito mapulogalamuwo pomvetsa DNA ndi imene amati bioinformatics.

Tsono mu zilembo mamiliyoni, chilichonse chimene ungafune ukachisakasaka uchipeza. Ukafuna mzere wa ma A khumi otsatizana uupeza. Funso limene wofufuza amakumana nalo tsiku ndi tsiku ndi ili: chimene ndapezachi chili ndi tanthauzo, kapena chikanapezekabe ngakhale zilembozo zikanangomwazidwa ngati chimanga cha nkhuku? Kuti ayankhe, amafunika DNA yabodza, yopangidwa mwa maere, yoti ayerekezerepo.

Apa ndi pamene pali chovuta choyamba. Kompyuta siingachite maere. Ndi makina omvera malangizo, ukaipatsa funso lomwelo imakubwezera yankho lomwelo. Ndiye akatswiri anapeza njira yoinamizira: amaipatsa lamulo la masamu limene limatulutsa manambala ooneka ngati osokonekera, ngakhale kuti iliyonse imachokera pa imene yangodutsa. Tiyeni tichite limodzi, amene muli ndi cholembera tulutsani. Lamulo lathu ndi ili: tengani nambala, muichulukitse ndi 5, muwonjezere 3, mugawe ndi 16, ndipo musunge chotsalacho. Tiyambe ndi 7. Tikachulukitsa ndi 5 tipeza 35, tikawonjezera 3 ndi 38, tikagawa ndi 16 patsala 6. Tsopano tengani 6 uja muchite chimodzimodzi, patsala 1. Mukapitiriza mupeza 8, 11, 10, 5, 12, 15, 14, 9, 0, 3, 2, 13, 4, kenako 7 uja wabweranso ndipo zonse ziyambiranso. Njira ya mtundu umenewu anaiyambitsa D. H. Lehmer mu 1949, ndipo makompyuta anaigwiritsa ntchito zaka zambiri, kungoti ndi manambala akuluakulu.

Koma tayang'anani bwino mndandanda wathuwo. 7, 6, 1, 8, 11, 10, 5, 12. Mwaona? Nambala yosagawika ndi 2 ikutsatidwa ndi yogawika, kenako yosagawika, kusinthana choncho mpaka kumapeto. Mukanati muzigwiritsa ntchito manambalawa m'malo mwa ndalama yachitsulo, bwenzi ndalamayo ikugwa mbali ino, mbali inayo, mbali ino, osaphonya. Ndalama yeniyeni siitero. Vuto lotereli linachitikadi pa makompyuta enieni. M'zaka za m'ma 1960 kampani ya IBM inali ndi pulogalamu yotchedwa RANDU imene anthu ambiri ankaidalira. Kenako zinadziwika kuti ukatenga manambala ake atatuatatu n'kuwajambula ngati timadontho m'kati mwa bokosi, timadontho tonse timagwera pa timagawo 15 tokha, tooneka ngati mapepala osanjikizana, m'malo modzaza bokosi lonse. Ntchito zambiri zimene zinadalira manambalawo anthu anayamba kuzikayikira.

Masiku ano zinthu zili bwino. Mu 1997 akatswiri awiri a ku Japan, Makoto Matsumoto ndi Takuji Nishimura, anapanga njira yotchedwa Mersenne Twister. Yathu ija inabwerera poyambira patangodutsa manambala 16. Kuti iyi ibwerere poyambira, chiwerengero cha manambala amene ayenera kudutsa n'chachikulu moti kuchilemba kokha pamafunika madijiti oposa 6,000. Python ndi R, zilankhulo ziwiri za kompyuta zimene anthu a bioinformatics amakonda kwambiri, zimagwiritsa ntchito njira imeneyi ukapanda kusankha ina.

Nambala yoyambira ija, 7 wathu uja, pa Chingerezi amati seed, ndiye kuti mbewu. Dzinali analiganizira bwino, paja chimene wafesa ndi chomwe umakolola. Ukayamba ndi mbewu yomweyo, manambala onse amatuluka chimodzimodzi. Wina angaganize kuti kumeneku n'kulephera, koma kwa wofufuza ndi phindu lalikulu. Ngati ine ndapeza yankho linalake ndipo inu mukukayika, ndingokupatsani pulogalamu yanga ndi mbewu yanga, mukayendetse pa kompyuta yanu, ndipo muyenera kupeza zomwezo. Choncho lamulo loyamba kwa aliyense wolemba mapulogalamu otere ndi lakuti alembe mbewu yake poyera.

Tsopano tifike pa mawu akuti distribution, amene ine ndizingoti kagawidwe. Inu osewera ludo mukudziwa kuti dayisi imodzi siikondera, nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 6 ili ndi mwayi wofanana. Koma ponyani madayisi awiri n'kuphatikiza. Pali njira 36 zimene angagwere. Mwa zimenezo, 6 zimapereka 7, pamene imodzi yokha ndi imene imapereka 2, ndipo imodzinso yokha imapereka 12. Onse ndi maere, koma maonekedwe ake ndi osiyana. Kagawidwe ndi kameneko: ndi mayankho ati amabwera kawirikawiri, ndi ati amabwera mwa apo ndi apo. Kungonena kuti chinthu ndi cha mwangozi sikokwanira, uyenera kunenanso kuti mwangozi mwa mtundu wanji.

Kompyuta imatipatsa mtundu umodzi wokha poyamba: nambala ya pakati pa 0 ndi 1, malo alionse ali ndi mwayi wofanana. Mitundu ina yonse timaipanga kuchokera pamenepo. Njira yosavuta ndi ya rula. Tengani rula ya masentimita 10, muidule m'zigawo malinga ndi mwayi wa chinthu chilichonse, kenako nambala ya mwangozi ija ikhale ngati chala chimene chagwera pa rulayo mutatsinzina. Chigawo chachikulu chidzagweredwa kawirikawiri, chaching'ono kamodzikamodzi.

Chitsanzo chake chili pa kachilombo ka malungo kaja. DNA yake ndi yodabwitsa chifukwa pafupifupi zilembo 80 pa 100 zilizonse ndi A kapena T, pamene G ndi C zimagawana 20 zotsalazo. Ndiye rula yathu tiidule motere: masentimita 4 oyamba akhale a A, 4 otsatira a T, 1 ya G, 1 yomaliza ya C. Kompyuta ikatulutsa 0.35 tilemba A, ikatulutsa 0.62 tilemba T, ikatulutsa 0.93 tilemba C. Amene mulibe kompyuta, ikani m'thumba nyemba zinayi, chimanga chinayi, nandolo mmodzi ndi mtedza umodzi, muzitola chimodzi osayang'ana, kulemba, n'kubwezeramo. Ndi chinthu chimodzi.

Nanga kusankha bwino kagawidwe kuli ndi ntchito yanji? Tiyerekeze kuti wofufuza akusaka zilembo zisanu ndi chimodzi izi, TATAAA, zimene m'zamoyo zambiri zimapezeka pafupi ndi pamene jini limayambira kuwerengedwa. Akaganiza kuti zilembo zinayi zonse zili ndi mwayi wofanana, masamu amamuuza kuti TATAAA iyenera kupezeka mwangozi kamodzi pa malo 4,096 alionse. Mu zilembo 23 miliyoni, ndiye kuti pafupifupi ka 5,600. Koma akagwiritsa ntchito rula yolondola ija, mwayi umakhala kamodzi pa malo 244, ndipo mu DNA yonse ndi pafupifupi ka 94,000. Kusiyana kwake ndi pafupifupi ka 17. Munthu woyamba uja akapeza ma TATAAA masauzande ambirimbiri adzasangalala kuti watulukira chinsinsi cha malungo, pamene chimene wapeza n'chakuti kachilomboka kali ndi ma A ndi ma T ambiri, nkhani imene aliyense akuidziwa kale.

Mukhoza kuziyesa nokha. Mu Python ndi mizere inayi yokha:

import random
random.seed(7)
dna = "".join(random.choices("ATGC", weights=[4, 4, 1, 1], k=1000000))
print(dna.count("TATAAA"))

Mzere wachitatuwo ukupanga DNA yabodza ya zilembo 1 miliyoni, ndipo wachinayi ukuwerenga. Yankho lidzakhala pafupi ndi 4,100. Kenako sinthani manambala anayi aja akhale 1, 1, 1, 1, muyendetsenso, yankho lidzatsika kufika pafupi ndi 244. Sinthaninso mbewu ija kangapo muone momwe yankho likusunthira pang'onopang'ono. Kusuntha kumeneko ndi kukula kwa mwangozi, ndipo ndi chinthu chimene tiyenera kuchizolowera m'maso.

Mtundu wachiwiri wa kagawidwe ndi umene amati binomial. Umayankha funso lakuti, ndikayesa chinthu kangapo, ndipo ulendo uliwonse yankho ndi inde kapena ayi, ma inde adzakhala angati? Tiyerekeze midzi iwiri, ndipo m'midzi yonseyo anthu 30 pa 100 alionse odwala malungo ali ndi tizilombo tosamva mankhwala ena ake. Palibe kusiyana kulikonse. Wofufuza wabwera, wayeza anthu 20 m'mudzi uliwonse. Mudzi woyamba wapeza anayi, wachiwiri wapeza asanu ndi atatu. Mmawa wake nkhani yafala kuti mudzi wachiwiri vuto lawo ndi lowirikiza kawiri. Koma mukauza kompyuta kuti iyeze anthu abodza 20 maulendo 10,000, mudzaona kuti kupeza anayi kapena ochepera kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo anayi, ndipo kupeza asanu ndi atatu kapena oposa kumachitikanso pafupifupi kamodzi pa maulendo anayi. Kusiyana kotero sikokwanira kuti munthu anenepo kanthu.

Tsono yerekezani ndi nkhani yeniyeni ya kuno kwathu. Mu 1993 dziko la Malawi linali loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo, n'kuyamba kugwiritsa ntchito SP, amene ambiri timawadziwa kuti Fansidar, chifukwa tizilombo tinali titasiya kumva chloroquine. Kusamvako kumayendera limodzi ndi kusintha kwa jini lotchedwa pfcrt. Ofufuza atayeza magazi a ku Blantyre anapeza kuti mu 1992 tizilombo tosinthika tinkapezeka mwa odwala 85 pa 100 alionse, koma pofika 2000 tinatsika kufika pa 13. Kodi amenewa angakhalenso maere? Tiyeni tiyese. Tiyerekeze kuti chiwerengero chenicheni chinali chidakali 85 pa 100, ndipo tayeza anthu 40 okha. Kompyuta idzatipatsa 34 pa avereji, nthawi zambiri pakati pa 29 ndi 38. Kuti tifanane ndi 13 pa 100 tifunika kupeza anthu asanu okha. Mukhoza kuyendetsa pulogalamuyo usiku wonse mpaka batire kutha, 5 sadzatuluka. Ndiye kutsikako kunali kwenikweni. Chloroquine atachoka, tizilombo tomva mankhwalawo tinayambanso kuchulukana n'kuposa tosamva tija, ndipo kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2006 anapeza kuti chloroquine anachiza ana 99 pa 100 alionse amene anapatsidwa ku Blantyre. Chonde, wina asatuluke muno n'kukagula chloroquine pa golosale. Mankhwala oyamba a malungo kuno ndi LA kuyambira 2007, ndipo zosintha mankhwala ndi za achipatala. Chimene ndikufuna muone n'chakuti masamu omwewo amene anatiletsa kukhulupirira nkhani ya midzi iwiri ija ndi amene akutilola kukhulupirira nkhani iyi.

Mtundu wachitatu ndi Poisson, dzina la katswiri wa masamu wa ku France, Siméon Denis Poisson, amene analemba za kagawidweka mu 1837. Uwu tiumvetsa ndi bawo. Bawo ili ndi mabowo 32 ndi timiyala 64. Poyala bwino, bowo lililonse likhoza kulandira tiwiri. Koma tiyerekeze kuti kamwala kalikonse kakusankha bowo lake mwa maere. Avereji idzakhalabe tiwiri, koma mabowo ena adzalandira tinayi kapena tisanu, ndipo pafupifupi mabowo anayi adzatsala opanda kanthu. Palibe amene wawakondera kapena kuwamana, ndi momwe maere amagwera basi.

Makina ambiri owerenga DNA amagwira ntchito ngati bawo imeneyi. Sawerenga DNA kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Amaiduladula n'kuwerenga tizidutswa tating'ono, ta zilembo ngati 150, tochokera malo osiyanasiyana mwangozi, kenako kompyuta ndi imene imalumikiza. Ndiye funso la ndalama limabwera: tiwerenge tizidutswa tingati kuti pasatsale malo osawerengedwa? Eric Lander ndi Michael Waterman anasonyeza mu 1988 momwe Poisson amayankhira funsoli. Ngati chilembo chilichonse chawerengedwa kasanu pa avereji, pafupifupi 7 pa 1,000 zilizonse zimatsala zosakhudzidwa n'komwe. Pa kachilombo ka malungo kaja ndiye kuti zilembo pafupifupi 155,000. Zikawerengedwa ka 10 pa avereji, zotsala zimakhala pafupifupi 1,000. Zikawerengedwa ka 30, masamu amati sipayenera kutsala chilichonse. Ngati chilembo chimene chasintha n'kupangitsa kachilombo kusamva mankhwala chili m'gulu la zotsala zija, wofufuza sadzachiona, ndipo adzalemba kuti zonse zili bwino.

Komabe Poisson amaganiza kuti mabowo onse ndi ofanana, pamene DNA yeniyeni siili choncho. Malo amene ali ndi ma A ndi ma T ochuluka kwambiri amavuta kuwerenga, ndiye mipata imakhala yambiri kuposa momwe Poisson akunenera. Chimodzimodzinso powerenga kuchuluka kwa ntchito imene jini likugwira mwa anthu osiyanasiyana: manambala amamwazikana kwambiri chifukwa anthu sitifanana. N'chifukwa chake mapulogalamu otchuka a ntchito imeneyi, monga edgeR ndi DESeq2, amagwiritsa ntchito kagawidwe kena kotchedwa negative binomial. Kapangidwe kake ndi ka maere awiri: poyamba umachita maere osankha avereji ya munthu ameneyo, kenako n'kuchita maere a Poisson mozungulira averejiyo. Ukagwiritsa ntchito Poisson pamalo pofunika negative binomial, kusiyana wamba kwa pakati pa anthu umakuona ngati chizindikiro cha matenda.

Nthawi zina kulephera kwa Poisson ndi kumene kumaulula choonadi. Mu 1943, ku America, Salvador Luria ndi Max Delbrück ankafuna kudziwa ngati mabakiteriya amaphunzira kupirira akakumana ndi mdani, kapena ena amakhala atasintha kale mwangozi mdaniyo asanafike. Anaweta mabakiteriya a E. coli m'timabotolo tambiri, kenako n'kuwathira vairasi imene imawapha, n'kuwerenga opulumuka m'kabotolo kalikonse. Kukanakhala kuti amasintha pa nthawi yokumana ndi vairasiyo, manambala akanatsatira Poisson, onse oyandikana ndi avereji. Zimene anapeza n'zakuti timabotolo tambiri tinali ndi opulumuka ochepa kapena tinalibe ndi mmodzi yemwe, koma tina tochepa tinali ndi ochuluka zedi. M'timabotolo timeneto bakiteriya mmodzi anasintha msanga n'kubereka zidzukulu zambirimbiri zopirira. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1969 limodzi ndi Alfred Hershey. Mwaona eti, yankho silinali mu avereji, linali mu kamwazikidwe ka manambala.

Ngozi ina ndi ya kufunsa mafunso ochuluka nthawi imodzi. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000 opanga mapuloteni. Mwachizolowezi ofufuza amati chinthu n'chodabwitsa ngati mwayi woti chichitike mwangozi ndi wochepera 5 pa 100. Tsono yesani majini onse 20,000 pa magulu awiri a anthu amene sakusiyana chilichonse. Pafupifupi majini 1,000 adzaoneka odabwitsa, onsewo abodza. Njira imodzi yodzitetezera ndi yofanana ndi kusakaniza makadi. Umatenga zikwangwani zakuti wodwala ndi wosadwala, kuzichotsa pa anthu, kuzisakaniza, kuzibwezera mwachisawawa, n'kuwerengeranso. Ukachita zimenezi ka 10,000 umaona kukula kwa kusiyana kumene kumabwera popanda chifukwa chilichonse. Ngati kusiyana kumene unapeza poyamba sikuposa kwa magulu osakanizawo, khala chete, ukafufuzenso. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira yonseyi, yoyankha funso lovuta pochita maere kambirimbiri, ili ndi dzina: Monte Carlo. Anaiganiza ndi Stanislaw Ulam mu 1946, akuchira matenda n'kumasewera makadi payekha. Anafuna kudziwa mwayi wopambana pa masewerowo, masamu ake anamukanika, ndiye anaona kuti n'kwapafupi kungosewera maulendo ambiri n'kuwerenga amene wapambana. Iye ndi John von Neumann anagwiritsa ntchito nzeruyi ku Los Alamos, ndipo dzinalo linachokera ku nyumba yotchuka ya juga ya ku Monaco. Popeza tatchula juga, anzanga okonda kandege pa foni, dziwani kuti eni masewera a kubetcha anawerengera kale kagawidwe kake kuti pa maulendo ambiri iwo ndi amene azitsala ndi phindu. Kuluza kasanu motsatizana sikupangitsa kuti ulendo wachisanu ndi chimodzi ukhale wako, dayisi siikumbukira za dzulo.

Wina afunsa kuti, ife zikutikhudza bwanji? Ntchito yofufuza DNA ya tizilombo ikuchitika m'chigawo chathu chino. Mu November 2021 anali asayansi a ku Botswana ndi South Africa amene anadziwitsa dziko lonse za mtundu wa Omicron wa COVID-19 atawerenga zilembo za vairasiyo. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ndi Kamuzu University of Health Sciences, kumene kumachitika kafukufuku wa malungo, taifodi ndi matenda ena. Makina owerenga DNA ndi odula, inde, koma gawo limene ndafotokoza leroli silifuna labotale. Python ndi R ndi zaulere. Pa foni ya Android pali pulogalamu yotchedwa Pydroid 3 imene imayendetsa Python, ndipo mizere inayi ija ikhoza kuyenda pamenepo. Chimene chimafunika kwambiri ndi chizolowezi chofunsa mafunso atatu nthawi zonse ukaona nambala: anayeza anthu angati, maere okha akanapereka chiyani, ndipo maere amenewo ndi a mtundu wanji? Mafunso omwewa amagwiranso ntchito ukamva pa WhatsApp kuti chitsamba chakuti chinachiza anthu atatu, kapena kuti mudzi wakuti kukufa anthu ambiri kuposa kwina.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wotsatira tichite zimenezi ndi manja athu. Wina abwere ndi bawo ndi timiyala 64. Tidzalemba manambala 1 mpaka 32 pa timapepala, tizitola kamodzi, kuika kamwala m'bowo la nambalayo, kubwezera kapepalako m'thumba, mpaka timiyala tonse titatha, kenako tiwerenge mabowo opanda kanthu. Tikagawana m'magulu n'kubwereza kangapo tidzaona ngati avereji ikuyandikira 4. Amene muli ndi mafoni otha kuyendetsa Python, yesani mizere inayi ija, aliyense ndi mbewu yakeyake, mutumize mayankho pa gulu lathu limodzi ndi mbewuyo kuti ena atsimikize. Tikasonkhanitsa mayankho onse tidzajambula kagawidwe kathu koyamba pa bolodi.